Masipika akumbuyo ndi ampulifaya ya sinema ya m'nyumba: zoti mugule ndi zoti musiye m'sitolo

Amene ali kale ndi TV yaikulu, masipika awiri akutsogolo ndi ina yapakati, amafika polakalaka kuti mvula ya m'filimu izigwa mbali zonse, galimoto izitulukira kuseri kwa khutu. Apa mpamene pamafunika masipika akumbuyo ndi ampulifaya yodziwa kugawa mawu, imene pamakatoni amailemba kuti AV receiver. Pogula zida ziwirizi ambiri amathamangira mawati, koma za malo oika sipika ndi waya wake saziganizira n'komwe. Maganizo athu ndi akuti masipika akumbuyo akhale aang'ono, a banja limodzi ndi akutsogolo, ndipo ampulifaya isankhidwe poona matchanelo ake (njira za mawu, iliyonse yopita ku sipika yake), pulogalamu yoyezera chipinda ndi mabowo amene ali kuseri kwake. Mawati abwere pamapeto.

Yambirani pamene pali sofa

Khalani pamalo amene mumaonera filimu, nkhope italunjika pa TV. Kutsogolo kwanuko ndi madigiri 0, paphewa ndi 90, kunkhongo ndi 180. Pa dongosolo la 5.1 (masipika asanu ndi sabuwufa, imene ndi sipika ya besi yokha), muyezo wa ITU-R BS.775 umaika masipika awiri ozungulira pa madigiri 110, ndipo umalola kuyambira 100 mpaka 120. Ndiye kuti malo awo ndi m'mbali, kungopitirira phewa pang'ono. Pa 7.1 (masipika asanu ndi awiri ndi sabuwufa) mpamene pamabwera masipika enieni akunkhongo: Dolby imati awiri a m'mbali akhale pa 90 mpaka 110, awiri akumbuyo pa 135 mpaka 150.

Manambala amenewa ndiwo angakuuzeni zoti mugule. Ngati sofa yatsamira khoma, za 7.1 iwalani. Sipika yopachikidwa pakhoma la kunkhongo imakhala masentimita 30 kapena 40 kuchokera kukhutu la wokhala kumapeto kwa sofa, ndipo iyeyo amangomva sipika imeneyo filimu yonse, mnzake wa mbali inayo akumva yakeyake. Pamafunika mpata wa mita imodzi kapena kuposerapo kuseri kwa sofa kuti matchanelo awiri owonjezerawo amvekedi ngati akuchokera kumbuyo. Mpatawo ukasowa, ikani awiri okha m'mbali, pa madigiri 90 mpaka 100, muwakweze, ndipo sofayo muisendeze ngakhale masentimita 30 okha kuchoka kukhoma. Kusendezako kumachepetsanso besi yogunda m'mutu imene imaunjikana m'mphepete mwa khoma.

Msinkhu woikapo masipikawa umadalira ngati mudzaike masipika apamwamba a Dolby Atmos, dongosolo lowonjezera mawu ochokera kudenga. Popanda Atmos, twita (mbali ya sipika yotulutsa mawu opyapyala) ikhale masentimita 30 mpaka 60 pamwamba pa khutu la munthu wokhala pasofa, kuti mawu azidumpha mutu wa woyandikira n'kukafika kwa wachiwiri ndi wachitatu. Mukafuna Atmos atsitseni, akhale pamwamba pang'ono chabe pa chotsamira cha sofa. Dolby imalangiza kuti asapitirire kutalika kwa akutsogolo kuchulukitsa ndi 1.25. Akakwera kwambiri amayandikana ndi akudenga, ndipo khutu limalephera kusiyanitsa ndege yodutsa pamwamba ndi njinga yamoto yodutsa pambali.

Sipika yamtundu wanji

Mawu a m'filimu amayenda. Helikopita imayambira kumanzere kutsogolo, n'kudutsa paphewa, n'kuzimirira kumbuyo. Sipika yakutsogolo ikakhala ya twita yofewa, yakumbuyo n'kukhala ya twita yakuthwa yachitsulo, helikopita ija imasintha kaliridwe ili pakati pa ulendo, ndipo mumadziwiratu kuti yatuluka m'bokosi lina n'kulowa m'bokosi lina. Njira yapafupi yopewera zimenezi ndi kugula sipika yaing'ono kwambiri ya m'gulu lomwe munagulamo akutsogolo, chifukwa kampani imagwiritsa ntchito twita yofanana m'gulu lonselo. Gululo likakhala kuti linasiya kupangidwa, musataye mtima. Masipika atatu akutsogolo ndi amene ayenera kufanana kwambiri. Akumbuyo amapirira kusiyana pang'ono, bola mtundu wa twita ukhale womwewo.

Pa masipika aang'ono amene amagwira bwino ntchito imeneyi, Q Acoustics 3010i ndi chitsanzo chabwino. Ili ndi wufa (mbali yotulutsa mawu onenepa) ya masentimita 10, sensitivity (kukwera kwa mawu pa wati imodzi) ya 86 dB, ma ohm 6 (muyezo wa mmene imakanira magetsi), ndipo kampani imati imatsika mpaka 65 Hz (Hz zikachepa, mawu amanenepa). Mawu ake sabaya m'khutu, ndipo zimenezi n'zofunika pa sipika yokhala pafupi ndi mutu. Ili ndi bulaketi yakeyake yopachikira pakhoma. Chofooka chake ndi bowo la mpweya limene lili kuseri. Ikagunda khoma, besi yake imafufuma n'kuphimba mawu ena. Tsekani bowolo ndi kathonje ka siponji kamene kamabwera m'katoni, ndipo crossover, malire ogawira mawu pakati pa sipika ndi sabuwufa m'menyu ya ampulifaya, muiike pa 90 kapena 100 Hz kuti za pansi zizipita ku sabuwufa.

KEF Q150 ndi yaikulupo, wufa yake ndi ya mainchesi 5.25, ndipo twita ili pakatikati pa wufayo, kapangidwe kamene KEF imakatcha Uni-Q. Ubwino wa kapangidweka umaonekera kwenikweni kumbuyo. Pa sipika wamba twita ili pamwamba, wufa pansi, ndipo pamafunika kamtunda kuti mawu a ziwirizi asakanikirane. Munthu akakhala pafupi kwambiri, kapena pambali, amamva zosiyana ndi mnzake. Pa Q150 mawu onse amachokera pamalo amodzi, choncho wokhala mita imodzi kuchokera pa sipika amamva zoyenera. Vuto lake ndi thupi: kuchokera kumaso kufika kumsana ndi pafupifupi masentimita 28, motero pakhoma imatulukira kwambiri ndipo imakhala bwino pa sitandi. Imalembedwa ma ohm 8 koma imatsika mpaka 3.7, nkhani imene tiikambenso tikafika pa ampulifaya.

Pali masipika ena okhala ndi matwita awiri oyang'ana uku ndi uku, otchedwa dipole ndi bipole. Chiyambi chawo ndi nthawi ya Dolby Pro Logic, pamene tchanelo yakumbuyo inali imodzi yokha, yongofika 7 kHz, ndipo cholinga chinali chakuti womvera asadziwe kumene mawu akuchokera. Pa dipole mbali ziwirizo zimakankha mosemphana, mawu olunjika kukhutu amafafanizika, n'kutsala ongowanda m'chipinda. Mafilimu a masiku ano, makamaka kuyambira pamene Atmos inafika m'nyumba mu 2014, amasakanizidwa kuti phokoso lililonse likhale ndi malo ake enieni, ndipo dipole imawabalalitsa malowo. Sitikukulangizani kugula dipole lero. Bipole ndi nkhani ina: mbali zonse ziwiri zimakankha pamodzi, mawu amafalikira koma malo ake amadziwikabe. M'chipinda chopapatiza, momwe sipika ili mita imodzi kuchokera kukhutu, kapena momwe muli mizere iwiri ya mipando, bipole imathandiza ndithu. Monitor Audio Bronze FX ili ndi switchi yosankhira bipole kapena dipole, ndipo inu muisiye pa bipole. Klipsch RP-502S imafalitsa mawu mbali ziwiri, koma matwita ake ali m'malipenga ndipo amalira mowala kwambiri, choncho imayenera amene akutsogolo awo ndi a Klipsch omwewo.

Masipika ataliatali oima pansi n'kutaya ndalama kumbuyo, popeza besi yawo yonse mudzaidula pa crossover n'kuitumiza ku sabuwufa. Ndalama imeneyo ipite ku sipika yapakati, imene imanyamula zolankhula pafupifupi zonse za m'filimu. Chenjeraninso ndi timasipika tapulasitiki totsala ku seti zakale zobwera m'katoni imodzi ndi DVD. Tambiri mwa timeneti ndi ta ma ohm 3, sititsika kupyola 150 kapena 200 Hz, ndipo tikhoza kuzimitsa ampulifaya yatsopano mukangokweza voliyumu.

Za opanda waya n'zachidule. Yamaha imalola masipika ake a MusicCast 20 kapena MusicCast 50 kukhala akumbuyo pa maampulifaya ake ena, kuphatikizapo RX-V6A. Zimagwira ntchito, koma sipika iliyonse imafunabe soketi ya magetsi, kaliridwe kake sikafanana ndi akutsogolo a kampani ina, ndipo mukadzasintha ampulifaya n'kugula ya kampani ina sadzagwiranso ntchito imeneyo. Pamene waya angadutse, dutsitsani waya.

Ampulifaya: manambala amene amanamiza ndi amene amanena zoona

Choyamba, ampulifaya ya stereo siingagwire ntchito imeneyi, ngakhale ili ndi mabowo a masipika anayi olembedwa A ndi B. Masipika a B amangobwereza zimene a A akunena, palibe tchanelo yakumbuyo. Komanso pa maampulifaya ambiri A ndi B zikayaka pamodzi masipika amalumikizana moti ma ohm amatsika ndi theka: awiri a ma ohm 6 amasanduka 3, ampulifaya n'kuyamba kutentha. Pamafunika AV receiver yotha kumasula Dolby ndi DTS n'kupatsa tchanelo iliyonse mawu ake.

Tsopano tiwerengere mawati. Sensitivity ya 86 dB imatanthauza kuti wati imodzi imatulutsa 86 dB pa mtunda wa mita imodzi. Mtunda ukawirikiza kawiri mumataya pafupifupi 6 dB, ndipo kuti muwonjezere 3 dB pamafunika kuwirikiza mawati kawiri. M'nyumba zoonetsera mafilimu tchanelo iliyonse imaloledwa kufika 105 dB pa phokoso lalikulu kwambiri. Pabalaza anthu ambiri amamvera 10 dB kapena kuposerapo pansi pa mlingo umenewo, tinene kuti pachimake ndi 95 dB. Sipika yakumbuyo ili mita 1.5 kuchokera kukhutu: wati imodzi ikupereka pafupifupi 82.5 dB, ndipo kuti ifike 95 dB ikufuna mawati osapitirira 20. Yakutsogolo ya sensitivity yomweyo, ili mamita 3, ikufuna mawati pafupifupi 70. Makoma amabweza mawu ena, choncho zenizeni zimacheperapo. Apa mwaona kuti akumbuyo sadya mphamvu. Ampulifaya muiyeze ndi masipika atatu akutsogolo ndi kutalika kwa chipinda.

Kuwerengera komweku kukusonyezanso kuti kusiyana kwa mawati 80 ndi 105 ndi 1.2 dB yokha, imene khutu limavutika kuizindikira. Sipika ya 89 dB m'malo mwa ya 86 dB imakupatsani zofanana ndi kuwirikiza ampulifaya kawiri.

Nambala yaikulu yolembedwa pakatoni kawirikawiri imayezedwa tchanelo imodzi yokha ikulira, pa ma ohm 6, pa 1 kHz, mawu atapotoka kufika 10%. Palibe amamvera chonchi. Funani mzere wonena kuti matchanelo awiri akulira, ma ohm 8, kuyambira 20 Hz mpaka 20 kHz, THD (kupotoka kwa mawu) yosafika 0.1%. Ndipo dziwani kuti matchanelo onse amamwa pa thiransifoma imodzi, ngati mipopi ingapo yochokera pa thanki imodzi: yonse ikatsegulidwa nthawi imodzi, uliwonse umatulutsa zochepa. N'chifukwa chake kuika crossover pa 80 Hz n'kupatsa besi sabuwufa yokhala ndi ampulifaya yakeyake kumapeputsa katundu kwambiri, pakuti besi ndiyo imadya magetsi. Nambala ya mawati yolembedwa kuseri kwa sipika ndi malire a zimene ingapirire, si zimene ikufuna. Chimene chimapsereza matwita nthawi zambiri ndi ampulifaya yokwezedwa mpaka kulephera, mawu n'kuyamba kusweka.

Za ma ohm: ma receiver ambiri amakondwa ndi masipika a ma ohm 6 mpaka 8. Ambiri alinso ndi posankha ma ohm 4 kapena 6 m'menyu. Kusankha nambala yotsikayo sikuwonjezera mphamvu. Kumachepetsa magetsi opita ku matchanelo kuti chida chisatenthe. Masipika ngati Q150 akakhala kumbuyo, atadulidwa pa 80 Hz, sadzavutitsa. Koma akutsogolo akakhala a ma ohm 4, chipinda chachikulu, inu n'kumakonda kukweza, tsatirani zimene buku la ampulifayayo likunena ndipo muipatse mpweya wokwanira.

Denon AVR-X1800H, ya mu 2023, ndi imene tingaloze kwa ambiri. Ili ndi matchanelo 7, mawati 80 poyeza moona muja, Dolby Atmos, DTS:X, eARC (njira ya HDMI yobweretsera mawu kuchokera pa TV) ndi pulogalamu yoyezera chipinda ya Audyssey MultEQ XT imene imayeza malo mpaka 8. Matchanelo 7 amenewo mungawagawe pawiri: 7.1, kapena 5.1.2, kutanthauza asanu apansi ndi awiri apamwamba. Kwa amene sofa yake ili pafupi ndi khoma, 5.1.2 ndiyo yaphindu, chifukwa matchanelo awiri amene akanawonongeka kunkhongo amapita kudenga kumene ali ndi mpata. Malire ake ndi akuti ilibe mabowo a pre-out (olumikizira ampulifaya ina yowonjezera) a matchanelo onse, choncho pa 7 pomwepo mpamene mwathera.

Yamaha RX-V6A, ya mu 2020, ilinso ndi matchanelo 7, mawati 100, ndipo ili ndi pre-out ya masipika awiri akutsogolo, zimene zimalola kudzawonjezera ampulifaya ina ya stereo mtsogolo. Pulogalamu yake yoyezera ndi YPAO. Pa mtunda ndi mlingo wa masipika imachita bwino, koma pokonza besi ya m'chipinda timaona kuti Audyssey ili patsogolo. Muisankhe ngati mukufuna akumbuyo opanda waya aja kapena pre-out imeneyo.

Amene ali ndi mpata weniweni kuseri kwa sofa ndipo akufuna akumbuyo anayi ndi apamwamba omwe, matchanelo 7 samukwanira. Denon AVR-X3800H, ya mu 2022, ili ndi matchanelo 9 a mawati 105, imatha kugawa mawu a matchanelo 11 mukawonjezera ampulifaya ya stereo, ili ndi pre-out ya tchanelo iliyonse ndi mabowo anayi a masabuwufa oyezedwa payekhapayekha. Audyssey yake ndi MultEQ XT32, yosefa besi mosamala kwambiri kuposa XT, ndipo pulogalamu ina yoyezera, Dirac Live, mungaigule padera. Kusiyana kumene mudzamve pakati pa iyi ndi X1800H kudzachokera pa kuyezako, makamaka pa besi. Onkyo TX-NR7100 ili ndi matchanelo 9 ndipo Dirac Live imabwera ili momwemo, koma ilibe pre-out ya matchanelo onse; ya Onkyo yokhala nayo ndi TX-RZ50. Mukadzawonjezera ampulifaya yapadera, ipatseni masipika akutsogolo amene amadya kwambiri, akumbuyo atsale pa receiver.

Onaninso njira imene mawu adzadutse kuchokera pa TV. Waya wa optical umanyamula Dolby Digital ndi DTS wamba za 5.1 basi, Dolby TrueHD ndi Atmos sizidutsa. ARC wamba pa HDMI imatha kunyamula Dolby Digital Plus pa ma TV ambiri, ndipo ndi mmene Atmos ya pa intaneti imabwerera. Mawu osafinyidwa a pa Blu-ray amafuna eARC, kapena chosewerera chilumikizidwe mwachindunji ku receiver. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, onetsetsani kuti ili ndi HDCP 2.2 (chitetezo cha makanema cha pa HDMI) ngati mukufuna 4K, yesani bowo lililonse la HDMI, ndipo musachoke popanda maikolofoni yake yoyezera, chifukwa ya kampani ina imapereka zotsatira zolakwika.

Waya

Waya wa kumbuyo ndi wautali kuposa wina aliyense, chifukwa amazungulira m'mbali mwa makoma. Chipinda cha mamita 5 chimadya mamita 12 mpaka 15 pa sipika imodzi. Magetsi amapita n'kubwerera, choncho mamita 15 ndi mamita 30 a kopa. Waya wa 0.75 mm² pa utali umenewu ali ndi ma ohm pafupifupi 0.7, wa 1.5 mm² ali ndi 0.35, wa 2.5 mm² ali ndi 0.2. Lamulo limene amisiri amatsata ndi lakuti waya asapitirire 5% ya ma ohm a sipika, ndipo pa sipika ya ma ohm 6 ndiye kuti 0.3. Motero mpaka mamita 12 tengani 1.5 mm², kupitirira apo 2.5 mm². Waya wolembedwa CCA ndi aluminiyamu wokutidwa kopa pamwamba. Amadutsitsa magetsi movutikirapo ndipo amathyoka msanga pomangira. Mukamupala ndi mpeni mkati mumaoneka moyera. Gulani wa kopa weniweni, ndipo za waya wodula wokhala ndi mayina okometsera musavutike nazo. Mbali ziwirizo kusiyana utali kulibe vuto lililonse lomveka.

Sendani pulasitiki wokwana sentimita imodzi, potani timawaya tonse tikhale pamodzi, mumange zolimba. Kawaya kamodzi kothawa n'kukhudza pomangira pa mnzake kapena chitsulo cha kuseri n'kokwanira kuti receiver izime yokha, kagetsi kofiira kakuphethira, makamaka pa phokoso lalikulu. Kuseri kwa receiver ya matchanelo 7 n'kothithikana, choncho mapulagi a banana, omangidwa kunsonga za waya n'kungobaya m'bowo, amathandiza.

Chofiira kwa chofiira, chakuda kwa chakuda. Sipika imodzi ikatembenuzidwa siipsa, koma mawu a kumbuyo amamveka opanda pogwira, ngati ali m'mutu mwanu, ndipo besi imachepa. Mukasokoneza mawaya atadutsa kale m'khoma, tengani batire la 1.5 V, mugunditse kwa kamphindi kunsonga za wayayo atachotsedwa ku ampulifaya. Sipika yolira kuti thi ndiyo mwini wayayo, ndipo wufa ikatulukira kunja ndiye kuti waya wokhudza kumutu kwa batire ndi wofiira.

Cholakwika chofala kwambiri ndi ichi: wa masipika asanu amalumikiza akumbuyo pa mabowo olembedwa Surround Back, poti ali kumbuyo. Pa 5.1 malo ake ndi olembedwa Surround basi. Surround Back ndi ya sipika yachisanu ndi chimodzi ndi yachisanu ndi chiwiri, ndipo receiver siitumizako kanthu ngati pa Surround palibe sipika.

Popachika pakhoma, bulaketi ikhale yotha kupendeka kuti twita iloze kwa omvera, ndipo ikhale yolembedwa kuti imanyamula kulemera koposa kwa sipikayo. Pakhoma la njerwa boolani muike mapulagi. Pakhoma la mabodi funani thabwa la mkati. Pa sitandi, dutsitsani waya pansi pomwe phazi silingakole.

Kuyeza ndi kukonza zimene makina alakwitsa

Maikolofoni iikeni pa choimikira kamera cha miyendo itatu kapena kachoimikira kamene kamabwera nayo, pa msinkhu wa khutu, italoza kudenga. Musaigwire m'manja kapena kuiika pa chotsamira cha sofa, chifukwa chotsamiracho chimatchinga mawu a kumbuyo omwe mukufuna kuyezawo. Zimitsani fani, tsekani zitseko. Malo oyamba ndi pamene mumakhala inuyo, ndipo pamenepa mpamene mtunda ndi mlingo zimawerengedwa. Malo enawo akhale pafupi, osapitirira masentimita 60 kuchokera pa oyambawo.

Ikamaliza, lowani m'menyu muone zimene yalemba. Kawirikawiri sipika yaing'ono yoyandikira khoma imalembedwa Large kapena Full Range, chifukwa khomalo lakweza besi yake. Sinthani ikhale Small. Crossover ikapezeka pa 40 kapena 60 Hz, ikwezeni ifike 80, ndipo pa wufa ya masentimita 10 ifike 90 kapena 100. Kukweza n'kololedwa. Kutsitsa pansi pa nambala imene makina apeza ndiko kolakwika, chifukwa m'munsimo sipika ilibe mphamvu ndipo pulogalamu siinakonzemo. Mtunda wa masipika uyerekezeni ndi tepi. Mawu amayenda pafupifupi masentimita 34 pa milisekondi imodzi, ndipo receiver imachedwetsa masipika apafupi kuti onse afike kukhutu nthawi imodzi. Akumbuyo akafulumira, khutu limakokeredwa kumbuyo. Mtunda wa sabuwufa wokha ukaoneka wautali kuposa wa tepi musaukhudze, n'kuchedwa kwa zamagetsi za mkati mwake.

Onaninso mlingo wa tchanelo iliyonse. Pa Denon malire ndi 12 dB kukwera kapena kutsika. Sipika yakumbuyo ikalembedwa -12 dB, ndiye kuti makina afika pamalire ndipo mwina ikulirabe mopitirira. Italikitseni kapena ikwezeni m'mwamba, muyezenso.

Ambiri amene ali ndi Audyssey amadandaula kuti akumbuyo akulira kwambiri mpaka kuphimba zolankhula. Kawirikawiri wolakwa ndi Dynamic EQ, imene imakweza besi ndi masipika ozungulira voliyumu ikakhala yotsika. Musathamangire kutsitsa matchanelo. Pitani pa Reference Level Offset muike 5 kapena 10 dB, mphamvu yake ichepa. Kapena muizimitse mumve kusiyana.

Ena amadandaula zosiyana, kuti akumbuyo ali chete. Yambani ndi test tone ya m'menyu, kaphokoso koyesera sipika iliyonse: ikalira, mawaya ali bwino. Kenako dinani batani la Info muone chimene chikulowa. Pakalembedwa PCM 2.0 kapena Stereo, TV ndiyo ikufinya mawu kukhala matchanelo awiri. M'menyu ya TV sinthani mawu otuluka akhale Bitstream, Passthrough kapena Auto. Makanema ambiri a pa YouTube ndi mapulogalamu ambiri a pa TV ndi a stereo kuchokera komwe, ndipo kuti akumbuyo alirepo muyatse Dolby Surround kapena DTS Neural:X. Chikalowa ndi 5.1 koma muli pa zochitika za anthu awiri akucheza m'chipinda, kukhala chete kwa akumbuyo n'koyenera. Multi Channel Stereo imachititsa masipika onse kulira mofanana ndipo poyamba imasangalatsa, koma pa filimu imaika mawu a wolankhula kunkhongo kwanu pamene nkhope yake ili pa TV. Isungireni nyimbo.

Receiver ikamazima yokha filimu itapita theka, mawaya ali bwinobwino, gwirani pamwamba pake. Zida zimenezi zimatulutsira kutentha pa timabowo tapamwamba, ndipo bodi ya HDMI imene ili mkatimo siigwirizana ndi kutentha. Siyani mpata wa masentimita 10 mpaka 15 pamwamba, m'mbali mukhalenso popita mpweya, ndipo musasanjikepo dikoda kapena chosewerera magemu. Kabati ikakhala yotseka, chotsani bodi ya kuseri kapena muikemo kafani ka USB ka masentimita 12 kokokera mpweya wotentha kunja.